Kampopi Wasiya Kudontha

Nthawi inali itangopitirira naini koloko m'mawa, ndipo kunja kunkawaza kamvula kosanyowetsa msanga koma kosaleka. M'khonde la chipatala cha ana munkamveka fungo la maambulera onyowa ndi matewera. Amayi khumi ndi mmodzi anali atakhala pa benchi kunja kwa chipinda chojambulira mtima, aliyense mwana pamiyendo, kapepala ka dokotala m'manja.

M'chipindamo munali mayi amene chipatala chonse chinkawatchula kuti Anakhwapa. Dzinali analipata chifukwa cha botolo la mafuta oterera amene amapaka pachifuwa cha mwana asanamujambule. Mafutawo amazizira. Khanda likamva kuzizira limalira, likalira limapindika, chithunzi n'kuwonongeka. Choncho kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Anakhwapa ankayenda botolo lili m'khwapa kuti lizifunda. Ankalemba nalo, kumwa nalo tiyi, ngakhale kupereka nalo moni kwa akuluakulu. Sanali dokotala. Ntchito yawo inali kuika kamutu ka makina pachifuwa cha mwana, kuyang'ana mtima pagalasi, kuyeza, ndi kulemba manambala m'timabokosi ta pafomu. Kumunsi kwa fomuyo kunali bokosi lalikulu lolembedwa kuti “Maganizo a dokotala.” M'menemo cholembera chawo chinali chisanapondemo chiyambire.

Tsikuli linali loyamba chibwerereni kutchuthi cha masabata awiri. Atangomaliza mwana wachitatu, chitseko chinatseguka pang'ono.

“Odi, Anti! Sitikulowerera mzere ayi, tangobwera kudzatsanzika.”

Anali mayi wachitsikana atanyamula khanda la miyezi isanu ndi inayi. Kumbuyo kwake kunali mwamuna wake, wokonza mapaipi a madzi, atavala ovolosi, sipanala ikusuzumira m'thumba. Anakhwapa ankawadziwa bwino. Mwana wawo wamkaziyo anabadwa ndi bowo pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri zam'munsi za mtima. Magazi oyenera kupita m'thupi ankadutsira pabowopo n'kukadzaza m'mapapo. Mwanayo ankapuma mothamanga, ndipo akamayamwa thukuta linkachita kudontha pamphumi, mpaka bambo ake anamutcha Kampopi. Anali namba seveni pa mndandanda wa ana khumi ndi awiri oyembekezera madokotala a opaleshoni ya mtima, amene ankabwera kuchokera kutali kawiri kokha pachaka.

“Kampopi wasiya kudontha, mayi,” anatero bamboyo, mano onse ali pamtunda. “Adokotala Aakulu anamujambula okha sabata yatha, inu kulibe. Akuti bowo likutsekeka lokha. Za opaleshoni zatha. Akuti tidzabwere chaka chamawa mwezi ngati uno.”

“Akuyamwa ngati walipidwa,” anawonjezera mayiyo. “Tamunyamulani mumve kulemera kwake.”

Anakhwapa anamunyamula. Analidi wolemera, masaya atadzaza. Monga ankachitira ndi khanda lililonse, anaika chikhato pachifuwa chake, osati pofuna kuyeza, koma chifukwa dzanja linazolowera. Pansi pa chikhatocho panali kunjenjemera, ngati kwa mphaka wokhuta. Kunjenjemerako ankakudziwa, koma kale kunkamveka m'munsi. Tsopano kunali kutakwera m'mwamba, ndipo kunali kwamphamvu.

Kampopi anayang'ana nkhope ya Anakhwapa n'kuyamba kulira. Anakhwapa sanamutonthoze. Anamusiya alire, akuyang'ana m'kamwa. Mkati mwa milomo ndi lilime munayamba kuda pang'ono, ngati wanyambita inki.

“Wayamba liti kuda milomo akalira?”

“Ndi kuziziraku, Anti,” anatero mayiyo.

“Muno mukuzizira?”

Mayiyo anayang'ana milomo ya mwana wake.

“Mugonekeni apa.”

Sisitala woyang'anira mzere, mayi wamtali amene ankadziwa malamulo onse a chipatala pamtima, anali ataima pakhomo. “Anakhwapa, kapepala ka dokotala kali kuti?”

“Kanyowa ndi mvula.”

“Bodza pa msinkhu wanuwo? Tchuthi chakuwonongani.”

“Sisitala, tsekani chitseko. Kaya mukhala mkati kaya kunja, musankhe nokha.”

Sisitala anatseka chitseko ali mkati.

Mayiyo anawerama pabedi n'kupatsa mwana bere, monga Anakhwapa anamuphunzitsira kalekale. Kampopi anatonthola. Mafuta ofunda anapakidwa, nyali inazimitsidwa, ndipo mtima wofanana ndi dzira kukula kwake unaoneka pagalasi ukugunda.

Anayamba kujambula pachifuwa, pomwe ankadziwa kuti Adokotala Aakulu anaika kamutu ka makina. Nthawi yomweyo anapeza chimene iwo anapeza: magazi othamanga kwambiri, nambala yaikulu. Aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa kuti bowo likamachepa, magazi odutsapo amathamanga, monga madzi amachitira munthu akatsina kukamwa kwa paipi. Amene angaone nambala imeneyo, n'kuona mwana wonenepa, anganene kuti bowo likutsekeka. Akanakhala kuti akuthamangira kuwodi, mwana akulira, iwonso akanatha kunena chimodzimodzi.

Kenako anatsitsa kamutu kaja pansi pa nthiti, pamwamba pa mchombo, n'kukalozetsa kuphewa lamanzere. Anadikira mwana ameze. Chithunzi chinayera.

Bowo linali pomwepo, kukula kwake komwe kuja, ngati nsonga ya chala chaching'ono. Magazi ankadutsapo mwaulesi. Koma pamwamba pake, m'chipinda chakumanja, panali mnofu wokhuthala utapingasa ngati lamba, kugawa chipinda chimodzi kukhala ziwiri. Mtima ukagunda, lambayo ankafinya, n'kusiya kanjira kopapatiza kopita kumapapo. Magazi othamanga aja ankachokera pa kanjirako.

Anakhwapa anatsegula zithunzi za miyezi itatu yapitayo. Mnofuwo unalipo, koma unali ngati kaulusi, ndipo iwo eni sanaulabadire. Anayang'anitsitsa kaulusi kaja. Kenako anayatsa nyali.

“Bowo silinatsekeke,” anatero. “Pali mnofu umene ukukula mumtima, ukutseka njira ya magazi opita kumapapo. Mnofu wotere nthawi zambiri suchepa, umangokula. Ufunika kudulidwa.”

Kumwetulira kwa bamboyo kunazima pang'onopang'ono. “Mayi, pepani, kodi inu ndinu dokotala?”

“Ayi.”

“Ndiye Adokotala Aakulu, amene anaphunzira mpaka tsitsi kutha, anene kuti mwana wachira, inu mubwere kutchuthi mudzanene zina? Mwana akuyamwa, akugona, akunenepa. Abale onse tawauza kale. Kapena mukufuna ana azidwala kuti ntchito isakuthereni?”

“Bambo a Kampopi!” anatero mkazi wake. “Pakamwa panupo!”

Anakhwapa sanakwiye. Anang'amba pepala lopukutira m'manja n'kujambulapo bokosi. “Inu ndinu a mapaipi. Iyi ndi nyumba. Paipi yabooka mkati. Madzi akutulukira pangalande iyi, akudzaza pabwalo, pabwalo pali matope okhaokha. Bwaloli ndi mapapo a mwana wanu. Tsiku lina mwini nyumba akukuimbirani foni: musabwerenso, pabwalo pauma. Inu paipi simunaigwire. Mungamuuze chiyani?”

Bamboyo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anakanda m'mutu ndi chala chakuda ndi girizi.

“Ndingamuuze kuti atsegule chitseko aone,” anatero ndi mawu otsika. “Ngalande yatsekeka. Madzi ali m'nyumba.”

Anakakhala pa kampando ka pakona.

Sisitala anayang'ana wotchi ya pakhoma. “Mndandanda ukutumizidwa lero thwelofu koloko. Madokotala ali pa msonkhano pano, akuumaliza.”

Anakhwapa anatenga foni ya patebulo n'kuimba kuchipinda cha misonkhano. Anayankha Adokotala Aakulu eni ake. Anali munthu wosakuwa, amene anachiritsa ana ambiri kuposa amene akanawakumbukira, ndipo anali atagwira ntchito ndi Anakhwapa zaka khumi ndi ziwiri popanda kukangana.

“Adokotala, ndi za mwana uja anali namba seveni. Ndamujambulanso.”

“Wakutumani ndani?”

“Palibe. Mubwere mudzaone.”

“Ndibwera msonkhano ukatha.”

“Mndandanda utapita?”

“Mayi, mwana ameneyo ndinamujambula ndekha.” Foni inadulidwa.

Anakhwapa anaibweza pamalo pake mosamala. Anatenga fomu, n'kulemba manambala m'timabokosi monga mwa masiku onse. Atafika kumunsi, cholembera chinaima m'malere. Kenako chinatsika. Analemba ndi zilembo zazikulu: “Bowo silinachepe. Mnofu wapingasa m'chipinda chakumanja, ukutseka njira ya kumapapo. Mwana akuda milomo akalira.” Anasaina.

Sisitala anagwira pakamwa. “Mwalemba m'bokosi la eni ake!”

“Ndaona.”

Anakhwapa anawerama n'kuzula chingwe cha makina pakhoma.

“Makina satuluka m'chipinda chino popanda chilolezo,” anatero Sisitala.

“Nanga matayala anawaikira chiyani?”

“Anakhwapa, mwatsala zaka zitatu kuti mupume pa ntchito. Zitatu zokha.”

“Mwana uyu amuuza adikire chaka chimodzi. Ndani ali ndi nthawi yambiri, ine kapena iye?” Anatembenukira kwa bamboyo. “Bambo, kankhani. Mayi, nyamulani mwana, musamuchotse pabere.”

Anatuluka m'khonde. Amayi a pa benchi anadzutsa mitu.

“Makina akupita kuti? Ife tafika kuno kusanache bwino!” anadandaula mmodzi.

“Akukaonana ndi madokotala, abwera pompano,” anatero Anakhwapa. “Amene ali ndi mwana wanjala amuyamwitse.”

Tayala limodzi la makina linkalira khonde lonse, anthu n'kumapatuka. “Tayala ili likufuna girizi,” anang'ung'udza bamboyo. Sisitala ankabwera kumbuyo atanyamula chingwe kuti chisakwekwereke, akulankhula yekha za anthu okalamba osamva.

Anakhwapa anagogoda kamodzi n'kutsegula osadikira. M'chipindamo munali madokotala asanu ndi mmodzi atazungulira tebulo lodzaza mafayilo ndi makapu a tiyi. Onse anatembenuka. Adokotala Aakulu anavula magalasi.

“Ichi n'chiyani?”

Anakhwapa anaika fomu patsogolo pawo. Iwo anavalanso magalasi n'kuwerenga. M'chipindamo munkamveka kumeza kwa Kampopi.

“Walemba m'bokosi ili ndani?”

“Ine.”

“Mwakhala dokotala liti, mayi?”

“Sindinakhale. N'chifukwa chake ndabweretsa makina, kuti aone amene ali madokotala.”

Dokotala wina wachinyamata anatsokomola n'kuyang'ana m'kapu yake.

Adokotala Aakulu sanakweze mawu. Anatembenuza pepala la mndandanda kuti Anakhwapa alione. Pa namba seveni panali mzere wofufuta, ndipo pamwamba pake panali dzina lina.

“Malo ndi khumi ndi awiri. Sindinawachepetse ndine. Pamalo amenewa ndaikapo kamnyamata ka miyezi inayi, kamene sikanenepa chibadwire. Mayi ake ndinawauza Lachisanu, ndipo pano ali pa benchi yanu, akudikira kuti mumujambule komaliza. Mwabwera ndi makina anu, ndi anthu anu. Chabwino. Ndiuzeni, ndifufute ndani?”

Anakhwapa anamva botolo likuterereka m'khwapa, n'kulipanikiza. Kamnyamatako ankakadziwa. Anali atakajambula kawiri.

“Sindikudziwa, Adokotala. Kusankha ndi ntchito yanu, ndipo sindikuisirira. Koma munafufuta mwana wochira, ndipo mwana wochirayo kulibe. Mukamufufuta uyu, mumufufute mutaona chimene chili mumtima mwake.”

“Ndikakuuzani kuti mutuluke?”

“Ndituluka thwelofu koloko ikakwana. Mukafuna kundichotsa ntchito, mundichotsenso nthawi yomweyo, zonse zithere pamodzi.”

Sisitala, osayang'ana aliyense, analowetsa chingwe pakhoma. Makina analira pang'ono n'kuyaka.

Adokotala Aakulu anayang'ana wotchi yawo, kenako mwana. Anaimirira, n'kukankha mafayilo kuti patebulo papezeke malo. Mayiyo anayala nsalu n'kugoneka Kampopi pakati pa makapu, iye atawerama, bere lili m'kamwa mwa mwana. Adokotala anatambasula dzanja kuti atenge botolo la mafuta limene linali pamakina. Anakhwapa anatulutsa lawo m'khwapa.

“Ilo ndi lozizira. Tengani ili.”

Analandira. Anaika kamutu ka makina pachifuwa, pomwe dzanja lawo linazolowera. Nambala yaikulu ija inaoneka.

“Mwaona?” anatero.

“Ndaona. Tsopano pansi pa nthiti, Adokotala. Mulozetse kuphewa. Pang'ono kumanzere. Dikirani ameze.”

Kampopi anameza. Pagalasi panaoneka bowo lija, ndi lamba wa mnofu pamwamba pake, akufinya, kumasula, kufinya, kumasula.

Adokotala Aakulu anayang'ana nthawi yaitali. Anayeza liwiro la magazi pabowo. Anayezanso pa kanjira kopapatiza. Anabwereza zonse kachiwiri.

“Tsiku lija analira, eti?” anafunsa mayiyo osachotsa maso pagalasi.

“Kuyambira polowa mpaka potuluka, Adokotala.”

Anagwedeza mutu pang'ono. Kenako anakodola madokotala ena aja. “Bwerani muone. Mwana wa bowo mumtima akayamba kunenepa mwadzidzidzi, musathamangire kukondwa. Mudzifunse kuti chatseka madzi n'chiyani. Ndipo osamajambula pachifuwa pokha. Onani apa.” Anawaphunzitsa kwa mphindi zisanu zathunthu, chala chili pagalasi, ngati kuti mnofuwo anaupeza okha m'mawa womwewo. Sisitala anatsina Anakhwapa pamkono. Anakhwapa anangoyang'ana kudenga.

Atamaliza, Adokotala anapukuta chifuwa cha mwana ndi dzanja lawo, n'kukhala pansi. Anakoka mndandanda. Pambali pa mzere wofufuta uja analembanso dzina la Kampopi. Dzina la kamnyamata analitsitsira pansi penipeni, n'kulembapo nambala imene pafomupo panalibe: 13.

“Ndiwaimbira foni ndiwapemphe kuti awonjezere mmodzi,” anatero. “Chaka chatha anakana. Akakananso, mayi a mwanayo ndiwauza ndekha. Inu musawauze kanthu.”

Anatenga fomu ya Anakhwapa, n'kuwerenganso zimene zinali m'bokosi lalikulu. Sanafufute liwu lililonse. Anasaina pansi pake.

“Kalata yokuchenjezani muilandira mawa. Kujambula popanda kapepala, kulemba m'bokosi la dokotala, kutulutsa makina.”

“Ndi kusokoneza tiyi,” anatero Anakhwapa.

“Zimenezo ndakukhululukirani. Tulukani.”

M'khonde, tayala linayambanso kulira. Atafika pakhomo la chipinda chojambulira, bamboyo anagwada, n'kuligwedeza uku ndi uku. “Tsiku lobwera ku opaleshoni ndidzatenga girizi,” anatero, maso ali patayala. Mawu aja analankhula m'mawa sanawatchule, ndipo Anakhwapa sanawakumbutse.

Mayiyo anali atabereka mwana kumbuyo. Nkhope yake inali ina, osati imene analowa nayo.

“Tinabwera tikuseka, Anti.”

“Ndikudziwa.”

“Adzamutsegula pachifuwa?”

“Adzamutsegula. Adzadula mnofuwo, adzatseka bowo. Zina akufotokozerani madokotala. Akalira n'kuda milomo kwambiri, kapena akafooka, musadikire tsiku. Mubwere, kapepala kalipo kaya palibe.”

“Musamawaphunzitse zimenezo,” anatero Sisitala.

Mayiyo sanathokoze. Anakonza nsalu paphewa, mwamuna wake anatsegula ambulera asanafike n'komwe panja, ndipo anapita.

Anakhwapa analowetsa makina, n'kulumikiza chingwe. Botolo lawo lofunda linali litatsala patebulo la madokotala. Anatsegula kabati n'kutenga lina. Linali lozizira ngati mwala, ndipo atalilowetsa m'khwapa anachita tsinya.

Anasuzumira pakhomo. Woyamba pa benchi anali mayi wovala juzi yobiriwira, atafukata kamnyamata kowonda, kopuma mothamanga. Anaimirira msanga n'kupereka kapepala kake ndi manja awiri.

“Akuti mumujambule komaliza, mayi. Atiika pa mndandanda.”

Anakhwapa anawerenga kapepalako kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale ankadziwa zimene kananena.

“Lowani, mwanawe. Mugonekeni apa, mumupatse bere. Tidikira pang'ono mafuta afunde, ndipo timujambula mbali zonse.”

Anatseka chitseko, n'kuzimitsa nyali.